Fayiba imadontha isanaduke

Kanyale kofiira ku Senga Bay

Munali mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay intaneti ya fayiba, yodzera m'chingwe cha galasi, inkachita zachilendo. M'mawa ili bwinobwino. Ikamakwana 1 koloko masana yayamba kuduladula, kanyale ka LOS, kosonyeza kuti kuwala sikukufika bwino, kakuphethira mofiira pa ONT, kachipangizo kolandira fayiba m'nyumba. Dzuwa likapepa, yabwerera yokha. Amayi oyang'anira malowo anali atasinthitsa kale rauta kawiri.

"Achimwene, chingwechi n'chatsopano, palibe pomwe chaduka. Kapena vuto lili kwanu komweko," anatero kwa ife amisiri a intaneti.

Pa kabokosi ka pakhoma, pomwe chingwe cha panja chimathera, power meter, mita yoyezera mphamvu ya kuwala m'chingwe, inawerenga -20 dBm. Kumapeto kwa patch cord yachikasu ya mamita 3, yochoka pa kabokosiko kupita ku ONT, inawerenga -27 dBm. Ma dB 7, muyezo wa kuwala kotayika, anasowa m'kachingwe kosakwana n'komwe utali wa chipinda. Kuti mumve kukula kwake: fayiba yabwino imataya pafupifupi 0.25 dB pa kilomita pa kuwala kotsikira kwa kasitomala. Ndiye kuti kachingwe kameneka kankadya kuwala kochuluka kuposa komwe kangatayike pa mtunda wonse wochokera pa boma la Salima kufika ku Senga Bay.

Titachizula mbali zonse n'kulumikiza VFL, katochi ka laser yofiira kaja, tinatseka makatani. Kuseri kwa kabati yatsopano kunayaka kofiira malo atatu, ngati makala a pa mbaula.

Kalipentala amene anakhoma kabatiyo anali pomwepo akumalizitsa mashelefu. "Bwana, ine ndimati ndikonze kuti pazioneka bwino. Chimangolendewera ngati nsanza," anatero. Ndipo anakonzadi. Anachikhomera ndi makilipu a misomali, pa ngodya anachipinda mwaudongo monga amachitira ndi waya wa magetsi, chotsala anachikulunga pa zala ziwiri n'kumanga ndi cable tie mpaka gwa. Ntchito yooneka bwino kwambiri m'chipinda chonsecho ndi yomwe inkapha intaneti.

Chimene sichichoka m'mutu pa nkhani imeneyi n'chakuti amayi aja sananame. Chingwe chinali chosaduka.

Zimene zimachitika m'katimo

Waya wa magetsi ndi kopa. Muupinde ngati mbedza, magetsi adutsabe. Fayiba ndi galasi, ndipo chimene chimayendamo ndi kuwala. Mukasenda chikopa chachikasu chija mupeza timaulusi tofewa ta aramid, tomwe ambiri timangoti Kevlar. Kenako kapulasitiki ka ma micron 900 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), kenako chokutira cha ma micron 250, ndipo pakati penipeni ulusi wa galasi wa ma micron 125, wosasiyana kwenikweni ndi tsitsi la munthu. Koma kuwala sikuyenda m'galasi lonselo. Pa fayiba ya single mode, ngati imeneyi, kumadutsa mu core, kanjira ka pakati ka ma micron 9 okha. Galasi lozungulira, cladding, analipanga mosiyana pang'ono kuti kuwala kukaligunda mopendekera kuzibwerera m'kati.

Mudawaonapo ana pa gombe akuponya mwala wophwatalala pamadzi? Ukapita mopendekera umadumphadumpha. Ukagwa chowongoka umamira. Kuwala m'fayiba n'chimodzimodzi. Chingwe chikakhota pang'onopang'ono, kuwala kumatsatira njira. Chikakhota mwadzidzidzi, kuwala kumagunda khoma mwachindunji, n'kuboola, n'kutayika m'chikopa. Kofiira kamene tinaona kuseri kwa kabati kanali kuwala komwe kamayenera kukafika ku ONT.

Kupinda kooneka ndi maso kumeneku timati macrobend. Palinso microbend, yomwe simungaione: cable tie yomangitsa, kilipu yokhomeredwa kwambiri, mwendo wa tebulo woponda chingwe. Kunja chingwe chili chowongoka, koma m'kati galasi lafinyika timakwinya ting'onoting'ono, ndipo kuwala kukudontha.

Si kuwala konse kumathawa mofanana, zimatengera utali wa mafunde ake, woyezedwa mu nm. Kwa 1550 nm kumathawa msanga kuposa kwa 1310 nm. Pa GPON, njira yofikitsira intaneti ya fayiba m'nyumba, zochokera ku kampani kubwera kwa kasitomala zimayenda pa 1490 nm, zobwerera pa 1310 nm, choncho mbali yolandira ndi imene imayamba kudwala. XGS-PON, yothamanga kuposa GPON, imatsika pa 1577 nm, ndiye ngodya yomwe lero ikupirira mwina idzadziulula tsiku lomwe adzasinthe makina.

Nanga bwanji masana okha? ONT wamba ya Class B+ imalandira bwino kuwala kwa pakati pa -8 ndi -27 dBm. Ya pa loji ija inali itaima pakhomo penipeni. Chipinda chikatentha pulasitiki imafewa, cable tie imalowerera, kachidutswa ka dB kamachokanso, basi LOS yafiira. Intaneti yoduka motsatira dzuwa nthawi zambiri imakhala yokhala kale m'malire.

20 pokoka, 10 chikagona

Lamulo limene mmisiri aliyense ayenera kuloweza ndi ili. Pamene mukukoka chingwe, radius ya pokhota isachepere kunenepa kwa chingwe kuchulukitsa ka 20. Chikagona pamalo pake, popanda chochikoka, isachepere kuchulukitsa ka 10. Chingwe cha panja cha mamilimita 12 chimafuna 240 mm pokoka ndi 120 mm chikagona. Cha m'nyumba cha mamilimita 6 chimafuna 120 ndi 60. Patch cord ya mamilimita 3 imafuna 60 ndi 30. Ngati pepala la wopanga chingwe lanena zina, tsatirani pepalalo. Zingwe zina zokutidwa ndi chotchinjiriza cholimba (armoured) zimafuna zoposa pamenepa.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Radius ndi theka la kutambalala kwa bwalo, kuchokera pakati kufika m'mphepete. Munthu amamva kuti 30 mm, n'kupanga nkhata yotambalala 30 mm, osadziwa kuti wapinda kawiri kuposa malire. Radius ya 30 mm ndi nkhata yotambalala 60 mm.

Palibe amene amakwera kudenga ndi kampasi, ndiye yezani ndi zinthu zimene zili pafupi. Chitini chonenepa cha Coca-Cola, osati chowonda, n'chotambalala pafupifupi 66 mm. Nkhata ya patch cord ikhale yoti chitinicho chilowe osakakamiza. CD yakale ndi 120 mm, imeneyo ndiyo nkhata yaing'ono kwambiri ya chingwe cha mamilimita 6. Pakamwa pa ndowa ya malita 20 ndi pafupifupi masentimita 30, pokwanira kukulungira chotsala cha chingwe cha mamilimita 12. Koma pochikoka chomwecho chimafuna bwalo la masentimita 48, choncho ganizirani gudumu la njinga ya kabaza.

Werengani zolembedwa pachikopa

Galasi la m'kati nalo lili ndi malire ake, ndipo mtundu wake umalembedwa pachikopa cha chingwe motsatira miyezo ya bungwe la padziko lonse la ITU-T. G.652.D ndiyo yodziwika kwambiri m'zingwe za panja ndi ma patch cord otchipa. Imeneyi musaitsitse pansi pa 30 mm, ngakhale kachingweko kakhale kowonda chotani. G.657 anaipangira m'nyumba, mmene ngodya sizisowa. A1 imafika 10 mm, A2 imafika 7.5 mm, B3 imafika 5 mm. A1 ndi A2 zimalumikizana bwino ndi G.652.D pa splicer, makina olumikizira ulusi wa galasi, choncho palibe chifukwa choikira G.652.D kuseri kwa kabati pomwe A2 ilipo.

Koma mawu omwe amaitchulira G.657 akuti bend insensitive, yosaopa kupinda, asakupusitseni. Muyezo umalola kuti G.657.A1 ikazungulira kamodzi pa 10 mm itaye mpaka 0.75 dB pa 1550 nm, ndipo A2 pa 7.5 mm itaye mpaka 0.5 dB. Mukakulunga A1 kasanu motero, mutha kutaya zoposa 3 dB, ndipo 3 dB ndi theka la kuwala konse. Manambala amenewa ndi a ngodya imodzi kapena ziwiri zosapeweka, osati chilolezo chokulunga chingwe pa msomali. Ndiponso ndi a galasi lokha. Chikopa, timachubu ndi zolimbitsa za m'kati zimakhalabe ndi lamulo lake la 20 ndi 10.

Drop cable yophwatalala ija ya 2 mm ndi 3 mm, yolowetsera fayiba m'nyumba, ili ndi khalidwe lake. M'mbali zonse ziwiri muli timitengo tolimbitsa, ta chitsulo kapena ta FRP, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi, ndipo galasi lili pakati. Imapinda bwino mbali yophwatalala yokha. Mukaikakamiza cham'mbali imadzipotokola, FRP imathyoka m'kati, ndipo pamatsala kangodya kakuthwa kosabwereranso. Pofika pa ngodya, itembenuzeni pang'onopang'ono mudakali kutali, kuti ifike itagona kale mbali yoyenera.

Payipi ya pulambala si njira ya fayiba

Zambiri zimalakwika nyumba ikadali pomangidwa, chingwe chisanagulidwe n'komwe. Omanga amaika mapayipi m'khoma ndi ma elbow a 90 digiri, ofanana ndi a madzi. Waya wa magetsi amadutsa. Fayiba nayo imadutsa mukaikoka mwamphamvu, koma imatuluka itavulala, ndipo imakhala yopindika m'khoma momwemo mpaka kalekale.

Pa fayiba, radius ya pokhota payipi ikhale kukula kwa m'kati mwa payipiyo kuchulukitsa ka 10. Payipi ya 25 mm, 250 mm. Ya 32 mm, 320 mm. Gulani ma long bend, okhota motambalala aja, kapena ikani ma bend awiri a 45 digiri motalikirana. Ngati mukupinda nokha PVC, lowetsani sipuring'i kapena dzazani mchenga wouma musanaiwotche. Payipi yowotchedwa yopanda kanthu m'kati imaphwatalala pokhota, ndipo pamenepo ndi pomwe chingwe chimakakamira.

Muyezo wa TIA-569 umati pakati pa mabokosi awiri okokera pasapitirire ngodya ziwiri za 90 digiri, ndipo pasatalike kuposa mamita 30. Bokosilo liikidwe pamalo owongoka, chingwe chilowe uku n'kutulukira uko. Bokosi losandutsidwa ngodya ndi msampha: chingwe chimakhuzika pamlomo wa payipi, ndipo wotseka chivundikiro amachikankhira m'kati ndi chala. Zingwe zisadzaze payipi kupitirira 40 peresenti.

Pokoka penipeni, zingwe zazing'ono za m'nyumba za ulusi uwiri kapena unayi zimapirira mphamvu yokoka ya 222 N pa muyezo wa TIA-568. Ameneyo ndi pafupifupi makilogalamu 22, kulemera kwa ndowa yodzaza madzi. Anyamata awiri akatsamira pa chingwe adutsa kale pamenepo. Zambiri za panja zimafika 2,670 N, koma ngakhale zimenezo sizimangiriridwa ku njinga yamoto kapena ku galimoto. Mangani chokokera ku timaulusi ta aramid kapena ku kamtengo ka pakati, osati ku chikopa, ndipo pakati ikani swivel, kachitsulo kozungulira, kuti chingwe chisapotokoke. Pa ngodya iliyonse paime munthu wodyetsa chingwe ndi manja. Chikakakamira, imani. Bwererani pang'ono, fufuzani chomwe chagwira. Mafuta ofewetsera akhale opangira zingwe. Girizi ndi mafuta a galimoto amawononga chikopa, sopo akauma amamata.

Dilamu ya chingwe ikhale pa chitsulo kuti izizungulira. Mukaigoneka pansi n'kumasolola chingwe chapamwamba, nkhata iliyonse imasiya kupotokola kumodzi. Mukafuna kuyala chingwe pansi pakati pa ulendo, chiyaleni ngati nambala 8, chifukwa mbali imodzi imamasula zomwe inzake yapotokola. Ndipo diso likhale pa kankhata kamene kakuyenda pansi kulowera ku payipi. Kakamachepa, fuulani kuti aime. Kakatsekeka n'kukhala kink, palibe chowongola. Dulani, lumikizani.

Kumene zimabisala ntchito ikatha

Mmisiri akanyamula zida n'kupita, chingwe chimatsala m'manja mwa opaka penti, okhoma siling'i, osesa ndi osuntha mipando. N'chifukwa chake malo ena amafuna kuwatchinjiriza ngakhale lero akuoneka bwino.

Oyamba ndi kuseri kwa ONT kapena switch. Kumbuyo kwa connector kuli kamphira kofewa koteteza chingwe kuti chisapinde pakhosi. Wina akakankhira tebulo ku khoma, chingwe chimathyokera pomwe kamphirako kathera. Siyani mpata wa masentimita 7 kapena kuposa, apo ayi khomerani ONT pakhoma chingwe chikuloza pansi.

Mu rack, kabati ya makina a netiweki, chitseko ndicho mdani. Tsekani ndi kutsegula power meter ili pomwepo, muone ngati nambala ikusuntha. Ma patch cord amangidwe ndi Velcro, moti chala chilowe. Ngati mulibe Velcro, cable tie isiyeni yolephuka, yoti izitsetsereka pa mtolo. Fayiba isagone pansi pa mtolo wa zingwe za kopa za Cat6, kulemera kwake kumaifinya. Ndipo gulani utali woyenera: patch cord ya mamita 10 pamalo pofunika mita imodzi ndi imene imaitana munthu kuti aikulunge.

Kudenga, chingwe chikamatsika kuchoka pa thabwa kapena pa tray, kulemera kwake konse kumakhala pamphepete pakuthwa. Pansi pa malata kunoko masana a Novembala kumakhala ngati uvuni, chikopa chimafewa, ndipo pakapita miyezi mphepete ija imadzidinda m'chingwe. Dulani kachidutswa ka long bend, kang'ambeni pakati, kagonekeni pamphepetepo kuti chingwe chitsikire pa iko. Chotsika mtunda wautali chigwiridwe malo angapo, chisalendewere pa mfundo imodzi.

Poboola khoma kulowa m'nyumba, boolani mopendekera, kunja kukhale kotsika. Madzi a mvula salowa, ndipo chingwe sichikhota 90 digiri pamlomo wa njerwa. Kunjako siyani kankhata kodontheza madzi, nakonso kotambalala bwino.

Mu splice tray, kambale kogonekamo polumikiza fayiba, ulusi wosenda uzitsata timipanda tomwe tilimo kale, chifukwa anatiyeza kuti tisunge 30 mm. Vuto limabwera ulusi ukafupika: mmisiri wadula kawiri katatu cleave, kudula kosalala kwa galasi, itakana, watsala ndi kochepa, ndiye amadulira njira pakati pa tray. Yambani ndi mita imodzi kapena kupitirirapo. Onaninso pomwe ulusi ukutuluka m'kachubu kowotcha koteteza polumikiza, pamenepo pamakonda kupinda, komanso musanatseke chivundikiro yendetsani diso kuti sichikupana kanthu.

Pa mapolo, nkhata ya chingwe chotsala imangidwe malo atatu kapena anayi pa chogwirira chake. Mwera ukayamba kuwomba mu Juni, nkhata yomangidwa pamodzi pokha imagwedezeka usana ndi usiku, n'kumathinira pa mfundo yomweyo.

Kupeza popindika

M'nyumba, VFL ya 650 nm ndiyo yachangu, malinga chikopa chikhale chachikasu kapena choyera. Pa chingwe chakuda cha panja simuona kanthu, ndipo G.657 imatulutsa kofiira kochepa ngakhale yapindidwa. Zikatero bwererani ku power meter: yezani malo ndi malo, mukuchepetsa dera, kenako masulani zomangira chimodzichimodzi mukuyang'ana nambala. Ikadumpha, mwapapeza.

Pa mtunda wautali ndi OTDR, makina osonyeza pomwe kuwala kukutayikira m'chingwe, ndipo chinsinsi n'kuyeza pa 1310 ndi 1550 nm zonse ziwiri. Splice, polumikiza ulusi uwiri, ikakhala yoipa imataya pafupifupi mofanana pa zonsezi. Popindika pamataya pang'ono pa 1310 koma kwambiri pa 1550. Mukaona malo akuonetsa 0.2 dB uku ndi 1.5 dB uko, popanda kansonga kosonyeza kuwala kobwerera, musadule splice. Tsegulani closure, bokosi la ma splice, muone mmene ulusi wagonera. Amene amapereka ntchito atayeza pa 1310 pokha amasiya ngodya zonse zili m'tulo.

Chenjezo limodzi: kuwala kwa 1310, 1490 ndi 1550 nm sikuoneka ndi maso, koma kumawononga diso. Musasuzumire m'connector kuti muone ngati muli moto. Ntchito imeneyo ndi ya mita.

Mng'alu umene umadikira

Kudontha kwa kuwala kuli ndi ubwino umodzi: mukawongola chingwe, kawirikawiri kuwala kumabwerera nthawi yomweyo. Koma pali kuvulala kwina komwe mita siionetsa.

Ulusi wa galasi ukapinda, mbali yakunja imatamuka. Masamu ake ndi osavuta: theka la kunenepa kwa galasi, ma micron 62.5, kugawa ndi radius. Pa 30 mm kutamukako ndi pafupifupi 0.2 peresenti, galasi silimva kanthu. Pa 3 mm, ngati pozungulira msomali, ndi 2 peresenti. Ku fakitale ulusi amauyesa poukoka pafupifupi 1 peresenti, kwa kamphindi chabe. Ndiye ganizirani 2 peresenti usana ndi usiku kwa miyezi. Pa galasi lililonse pali timing'alu tosaoneka, ndipo likakhala lokokeka pamalo a chinyezi timing'aluto timakula pang'onopang'ono. Kuno kunyanja chinyezi sichisowa, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chingwe chimagwira ntchito chaka chathunthu, kenako tsiku lina, popanda wochikhudza, chaduka. Aliyense amaloza makoswe.

Pa loji paja titadula cable tie n'kuzula makilipu, mita inabwerera pa -20.6 dBm, LOS inazima. Amayi aja anati basi tisiye chomwecho, poti chachira. Koma pa ngodya ija chikopa chinali chitayera, ndipo ukachigwira pakati pa zala umamva kamfundo kosafuna kuwongoka. Chingwe chotere sichibwezeredwa. Tinaika patch cord ya G.657.A2 ya mamita 2, ya mitu yobiriwira ya SC/APC monga inalili yoyamba, titapukuta mitu yonse iwiri. Pa ngodya ya kabati, kalipentala uja anasema thabwa kuti likhale lobulungira, ndipo chotsala anachikulunga yekha, atatenga chitini cha chakumwa pa bala kuti ayezere. Anachimanga ndi Velcro malo awiri, n'kulowetsa chala kuti aone ngati sichinathine. Nthawi ya 2 koloko, chipinda chili ng'anjo, mita inawerenga -20.4 dBm.